Galaji ya ku Kapata imene inapeza chimene chinkanjenjemeretsa Hilux yanga

Vaneti yanga ndi Toyota Hilux yakale ya injini ya 3L, ija ya malita 2.8 ndi masilinda anayi, ndipo ndi imene ndimatutira nshawa ndi chimanga kuchokera m'midzi ya m'mbali mwa msewu wa ku Lundazi. Kuyambira mu June, injini inayamba kunjenjemera kwambiri galimoto ikaima, makamaka m'mawa kukuzizira, moti magalasi ankagwedezeka ndipo kumbuyo kunkatuluka utsi woyera wonunkha dizilo wosapsa. Ndikaponda mafuta vuto linkaoneka ngati latha, koma ndikangochotsa phazi injini inkayambanso kutsamwa. Makaniko wina atangomvetsera ndi khutu anandiuza kuti ndigule pampu ina, ija yaikulu yotumiza dizilo m'masilinda, zimene zikanandidyera ndalama zonse za nshawa za chaka chino.

Mnzanga ndiye anandilozera galaji ina ya ku Kapata, muno mu Chipata. Bambo oyang'anira galajiyo anandipempha kuti galimoto igone konko, chifukwa ankafuna kuiliza okha injini ili yozizira. M'mawa mwake anayamba ndi kutsegula kapulagi ka pansi pa sefa ya mafuta n'kutchera botolo, ndipo pansi pa dizilo panadikha madzi ndi zinyalala zofiirira. Anandifunsa mwaulemu kuti, "Bambo, kodi mumathirako dizilo wa m'zigubu?" Ndinavomera, popeza kumudzi mafuta akandithera ndinkagula wa m'mbali mwa msewu. Kenako analumikiza kapaipi koonekera mkati pakati pa sefa ndi pampu, ndipo ine ndinaona ndi maso anga tithovu ta mpweya tikuyenda motsatizana. Mpweyawo unkalowera pa kapampu ka pamanja ka pamwamba pa sefa, kamene labala yake inali itatha.

Atasintha sefa ndi kapampuko injini inakhazikikako, komabe iwo sanakhutire, ndipo apa ndi pamene ndinawadalira. Injini ikulira, anatenga sipanala n'kumamasula pang'ono nati ya paipi yopita ku nozo iliyonse (kachitsulo kopopera dizilo m'silinda), imodziimodzi. Anandifotokozera kuti silinda ikakhala yabwino, kuimana mafuta kumachititsa injini kutsika mawu nthawi yomweyo. Yoyamba, yachiwiri ndi yachinayi zinachitadi zimenezo, koma atamasula yachitatu panalibe kusintha kwenikweni. Nozo imeneyo ataiyeza pa makina, inkangodontha m'malo mopopera dizilo ngati nkhungu, ndiye chifukwa chake mafuta sankapsa onse. Asanandiuze kuti ndigule chilichonse anayezanso kompuresheni, kutanthauza mphamvu imene silinda imapanikizira mpweya, pofuna kutsimikiza kuti vuto si malingi kapena mavavu, ndipo masilinda onse anali ofanana ndithu. Anapezanso pulagi imodzi yotenthetsera silinda poliza injini itafa, imene inkawonjezera utsi wa m'mawa uja. Malabala ogwira injini anawayang'ana n'kuwasiya, ndipo pampu sanaikhudze n'komwe.

Zodandaulitsa zilipo. Ntchitoyi inatenga masiku atatu chifukwa makina oyezera manozo alibe, amakabwereka kwina, ndipo kwa munthu amene ali ndi katundu woyembekezera kumudzi masiku amenewo ndi ambiri. Mtengo sanandiuze pachiyambi, ndinachita kufunsa kawiri, choncho amene mungapiteko mugwirizane kaye za ndalama ya ntchito asanayambe kumasula. Pokhala podikirira palibenso, kupatula benchi imodzi ya padzuwa. Koma ndinakondwa kuti zitsulo zonse zakale anandibwezera m'manja, ndipo zimene ndinalipira n'zochepa kwambiri poyerekeza ndi mtengo wa pampu.

Sabata yatha ndinapita ku Katete ndi matumba a chimanga kudzera mu Great East Road, ndipo nditaima pamsika injini inkalira mofatsa, popanda utsi. Bambo aja anandiuza kuti ndizikhetsa madzi m'sefa kawirikawiri komanso ndibwererenso mvula isanayambe kuti akayeze manozo atatu otsalawo.