Juno-60 ndi Juno-106 patapita miyezi: mawu ake amasiyanira pati kwenikweni

Makiyibodi awiriwa, Roland Juno-60 ndi Juno-106, akhala akugwira ntchito limodzi mu situdiyo yathu ku Katoto, mu Mzuzu, kuyambira nyengo yamvula mpaka kuzizira kwa mu Julayi, makamaka pojambula makwaya ndi nyimbo za reggae. Anthu amakonda kunena kuti 60 ili ndi mawu onenepa pomwe 106 ndi yowonda. Kusiyana kulipodi, koma sikuchokera pamene ambiri amaloza chala. Mbali yaikulu imachokera ku envelope (gawo lolamula mmene notsi imayambira ndi kuthera), ku silaida ya HPF (yodula mawu a pansi), ndiponso ku thanzi la kiyibodi imene mwaigwirayo.

Juno-60 inatuluka mu 1982, Juno-6 itangotsogola kumene, ndipo Juno-106 inabwera mu 1984. Zonse zili ndi makiyi 61 osamva kulemera kwa chala, zimaliza manotsi 6 nthawi imodzi, ndipo liwu lililonse (gawo loliza notsi imodzi) lili ndi DCO imodzi (chopangira mawu), sub oscillator yotsika okitevu imodzi, ndi filter (chosefa mawu) ya 24 dB. Amene amati filter ya 60 ndi ina ayambe atsegula mkati. Chip yake ndi IR3109 konsekonse. Mu 60 ili poyera pa bolodi, pomwe mu 106 anaitsekera pamodzi ndi ma chip ena a BA662 m'kachidutswa kakuda komatidwa utomoni, kotchedwa 80017A.

Poyerekeza, yatsani zonse ziwiri kwa mphindi 20 kuti zitenthe, zimitsani chorus (chotambalitsa mawu), ikani swichi ya kumbuyo ya L/M/H, yosankha mphamvu ya mawu otuluka, pamalo ofanana, ndipo linganizani mphamvu ya mawu poyang'ana mita ya mikisa, osati ndi khutu, chifukwa yokwera pang'ono nthawi zonse imamveka ngati yabwino. Kenako samalani HPF. Pa 60, malo a 0 amadutsitsa mawu osawakhudza. Pa 106, malo a 0 amawonjezera besi, ndipo ofanana ndi 0 ya 60 ndi malo a 1. Mukaika zonse pa 0, 106 imatuluka yolemera pansi kuposa inzake, zosemphana ndi mbiri imene ili nayo. Mukaika 60 pa 0 ndi 106 pa 1, n'kuliza saw yokha (mtundu umodzi wa mawu a DCO, wina ndi pulse) filter ili yotsegula, pa notsi yokoka palibe aliyense mwa ife amene amatha kulozera bwinobwino kuti yalira ndi iti.

Zimapatukana notsi ikakhala yaifupi. Mu 60, liwu lililonse lili ndi chip yakeyake ya envelope, IR3R01, imene imakwera ndi kutsika ndi magetsi enieni. Mu 106 envelope imawerengeredwa ndi CPU kenako n'kutumizidwa ngati voteji. Yesani besi iyi pa zonse ziwiri, manambalawa ndi malo a masilaida: pulse ndi sub zotsegula, cutoff (kutseguka kwa filter) pafupi ndi 2, resonance pa 3, ENV ya filter pa 5, attack pa 0, decay pa 3, sustain pa 0. Pa 60 notsi imayamba ndi kaphokoso kouma ngati nkhuni youma ikuthyoka, kenako n'kugwa msanga. Pa 106 mutu wa notsi ndi wozungulira, ndipo decay imatsetsereka mofewa. Mu reggae, momwe besi iyenera kupezana ndi ng'oma yaikulu popanda kuphimbana, 60 imakhala pamalo pake osaithira kompuresa wambiri. Besi ya 106 ndi yaikulu, makamaka HPF ili pa 0, koma pa masipika a m'tchalitchi cha malata imasanduka mgugu umene umameza amuna oimba besi mu kwaya. Pamenepo timabweza HPF pa 1 n'kutsitsa sub kufika pa theka. Kufewa komweko ndi kumene kumaipatsa 106 mwayi pa mawu okoka a kumbuyo kwa nyimbo zachitamando: amalowa pansi pa kwaya osalimbana ndi soprano.

Pali kanthu kamodzi kamene 106 singachite n'komwe. Pa 60, swichi ya PWM, yosankha chimene chimasintha kupyapyala kwa pulse, ili ndi malo atatu, LFO, MANUAL ndi ENV, kotero envelope ikhoza kusintha kupyapyala kwa pulse notsi ikamayamba. Mawu odumpha ngati a clavinet amachokera pamenepo. Pa 106 malo a ENV anawachotsa. M'malo mwake 106 ili ndi portamento (kutsetsereka kuchoka pa notsi ina kupita pa ina) ndi unison (mawu onse 6 kulira pa notsi imodzi), koma unison yake musaiyembekezere zambiri: ma DCO onse 6 amayendetsedwa ndi wotchi imodzi ya magetsi ya mkati, ndiye m'malo monenepa mawu amangotulukira m'mphuno. Komanso silaida ya cutoff pa 106 imawerengedwa m'masitepe 128, ndipo resonance ikakwera kupitirira 8 masitepewo amamveka mukamaikoka pang'onopang'ono.

Chorus ya zonse ziwiri imagwiritsa ntchito ma chip awiri a MN3009, ndipo konse kuli kaphokoso ka "shii" kopita kubwera. Si kuwonongeka ayi, ndi mmene inabadwira. Batani la I limagwedeza mawu pang'onopang'ono, la II mofulumirako. Pa 60 mukhoza kudina onse awiri limodzi n'kupeza kanjenjemera kofulumira kokhala bwino pa mawu a ogani, zomwe 106 ilibe. Kwa ife chorus ya 60 imamveka yodzaza pakati, ya 106 yowala ndi yotambalala, koma apa sitiumirira kwambiri, poti makiyibodi a zaka zoposa 40 amasiyana ngakhale a mtundu umodzi. Chofunika kwambiri ndi mawaya: tulutsani awiri, mmodzi kumanzere kwenikweni wina kumanja. Waya mmodzi wopita ku mikisa ya mono amapha kutambalala konse, phokoso lija lokha n'kutsala.

Vuto lenileni la 106 ndi 80017A, ndipo likuoneka kuti ndilo gwero la mbiri yoti ndi yowonda. Utomoni uja ukakalamba umayamba kudutsitsa magetsi pang'ono pakati pa tizigawo ta mkati. Zizindikiro zake ndi notsi yothetheka, notsi yosalekeza mutachotsa chala, liwu limodzi lotsika kapena lopanda resonance. Sizifa tsiku limodzi. Kwa nthawi yaitali kiyibodi imaliza manotsi onse, koma chord imamveka yopanda thupi chifukwa awiri mwa mawu 6 aja afooka. Yathu inkathetheka kwambiri m'masiku a chinyontho a mu Epulo, mvula ya kuno ikamakana kusiya, makamaka itayaka ola limodzi.

Kupeza liwu lodwala n'kosavuta. Gwirani KEY TRANSPOSE poyatsa, kenako dinani POLY 1 ndi POLY 2 pamodzi. Mukamabwereza kiyi imodzi, kagalasi kamaonetsa nambala ya liwu, 1 mpaka 6, ndiye lembani imene yalira mopotoka. Akafa mawu awiri oyandikana, monga 1 ndi 2 kapena 3 ndi 4, kayikirani MC5534A, chip yopanga saw ndi pulse, pakuti alipo atatu ndipo aliyense amatumikira mawu awiri. Akakhala 80017A, njira zilipo ziwiri. Yoyamba ndi kuichotsa pa bolodi ndi pampu yoyamwira soda, kuiviika mu acetone weniweni m'botolo lagalasi lotseka kwa masiku awiri kapena atatu, n'kusenda utomoni ndi kamtengo kotokosera m'mano. Wochotsera penti wa zikhadabo sagwira bwino, ali ndi mafuta. Miyendo ya 80017A siichedwa kuthyoka, ndipo mizere ya pa bolodi imamatuka mukatenthetsa nthawi yaitali. Yachiwiri ndi kuitanitsa zatsopano zolowa m'malo mwake, monga za Analogue Renaissance. Malangizo athu ndi oti mukonze zonse 6 kamodzi, chifukwa imodzi ikayamba zinazo zili m'njira.

Mukatero musatseke chivundikiro musanachune. Yambani mwayeza +15V, -15V ndi +5V. Kenako pa liwu lililonse, filter ikudziliza yokha, sinthani ma trimmer (tozungulitsa ta pa bolodi) mpaka kiyi ya C4 itulutse 248 Hz ndipo C6 itulutse 992 Hz, mobwerezabwereza poti imodzi imasuntha inzake. Itachunidwa chonchi, 106 yathu inayandikira 60 kwambiri moti kusiyana kotsala kunali kwa envelope kuja basi.

Nayo 60 ili ndi zake, ngakhale ndi yolimba. IR3R01 ikafa, kuipeza ndi ntchito. Matabwa a m'mbali ndi a utuchi wopanikiza, ndipo amafufuma ndi nkhungu ya Mzuzu mukaitsamiritsa kukhoma. Masilaida a zonse ziwiri amadzaza fumbi n'kuyamba kudumpha, ndipo mankhwala opopera okhala ndi mafuta ambiri amangoitana fumbi lina. Batire yosunga mawu ndi ya lithium ya 3V yowotcherera pa bolodi, mu 106 ndi CR2032. Musanaisinthe jambulani mawu onse kudzera pa TAPE SAVE kupita ku kompyuta, apo ayi mutaya malo 56 a 60 kapena 128 a 106. Werenganinso kachitsulo ka kumbuyo musanalumikize: zochokera ku Japan zambiri ndi za 100V, za ku America 117V, pomwe athu ndi 230V. Ndipo magetsi akathima zulani pulagi, chifukwa choopsa ndi nthawi imene akubwerera.

Pa ntchito ya tsiku ndi tsiku 106 ndiyo imayaka kawirikawiri. Ili ndi MIDI (njira yolumikizira kiyibodi ku kompyuta ndi zida zina), ndipo swichi ya MIDI ya kumbuyo ikakhala pa III imatumiza ngakhale kusuntha kwa masilaida ku kompyuta. Imalemera makilogalamu 10 pomwe 60 ndi 12, zomwe zimamveka mukakwera nayo kabaza kupita ku Chibavi. Juno-60 ili ndi DCB yokha, njira yakale ya Roland MIDI isanabwere, ndiye imafuna chosinthira ku MIDI monga Roland MD-8 kapena cha Kenton, ngakhale arpeggiator yake imalandira kugunda kochokera ku makina a ng'oma ndipo imayenda nayo bwino lomwe. Wofuna besi ndi mawu odumpha asake 60. Wofuna mawu okoka a kwaya ndi kujambulira pa kompyuta atenge 106, koma pokambirana mtengo aphatikizepo wa ma 80017A onse 6, pokhapokha wogulitsa atatsegula chivundikiro n'kuonetsa kuti anakonzedwa kale.