Kamera, mlonda kapena sikelo: chimene chimateteza katundu wa m'golosale

Anzanga amene timapikula limodzi ku Malangalanga ku Lilongwe amandifunsa kawirikawiri kuti ndalama yoteteza katundu aiike pati. Ndiyankhe onse pano.

Mlonda ndi wa usiku basi. Amaopseza othyola zitseko, koma katundu wambiri amasowa dzuwa likuswa mtengo, pakati pa holoselo ndi shelefu yanu.

Kamera ndiye zinandiwawa. Amene anadzandiikira anangotchula mtengo wa makamera ndi wa ntchito yake. Sananene kuti magetsi akathima kabokosi kojambulira kamathimanso, pokhapokha mugule batire ndi inveta. Sananene kuti kuonera shopu pafoni kumadya bandulo. Choipitsitsa, kabokosiko kakadzaza kamafufuta zakale n'kujambula zatsopano pamwamba. Ndiye mukazindikira pakutha pa mwezi kuti sopo sakukwana, zithunzi za tsiku limene sopoyo anabwera zinapita kalekale.

Ngakhale zikanakhalapo, kamera siona m'kati mwa katoni. Akuba a panjira sanyamula katoni yonse ayi. Amaitsegula kunsi, n'kusolola sopo angapo, n'kumatanso ndi selotepu. Pazithunzi mungoona anyamata akutsitsa makatoni okwana bwinobwino, inu n'kusayina. Mpaka lero ndikaona munthu akutama makamera kwa mwini golosale yaing'ono, mtima umandipweteka.

Chimene ndimachikhulupirira ndi sikelo ndi kope. Belo ya shuga ya mapaketi 20 a kilogalamu imodzi siyenera kutsika pa makilogalamu 20. Katoni ya sopo yosatsegula iyezeni kamodzi, mulembe kulemera kwake m'kope, ndipo iliyonse yobwera pambuyo muiyerekeze ndi imeneyo. Makatoni atembenuzeni muone kunsi. Pa chigubu cha mafuta ophikira cha malita 20, yang'anani ngati chivindikiro sichinasokonezedwe. Musasayine pepala la dalaivala musanamalize, ndipo chimene chaperewera chilembedwe pomwepo iye akuona.

Kuipa kwake n'kwakuti zimadya nthawi, ndipo madalaivala amanyinyirika kuti mukuwachedwetsa. Asiyeni anyinyirike.

Pa ndalama, Airtel Money ndi Mpamba zimaposa kabati chifukwa kulipira kulikonse kumasiya uthenga pafoni, ngakhale potapa amadulako kangachepe.

Amene ali ndi nyumba yaikulu yosungiramo katundu komanso sola, kamera aike ndithu, makamaka pakhomo potsitsira. Koma ngati ndalama yanu ikukwanira chinthu chimodzi chokha, gulani sikelo yoti ingayeze thumba la makilogalamu 50.