Kachombo ka Cutty Sark kataona mwera, chilimwe ndi dzinja la ku Senga Bay

Bokosi la zipangizo zomangira kachombo koika pa shelefu, kofanizira chombo cha Cutty Sark, anandibweretsera alamu anga kuchokera ku Johannesburg mwera utangoyamba chaka chatha. Masiku oyambirira ndinkaliyamikira kwa aliyense wobwera pakhomo, koma chinthu cha matabwa sachiweruza chisanaone mvula. Pano kachomboko kadutsa mwera, kutentha kwa Okutobala ndi chinyontho cha dzinja kuno ku Senga Bay, ndiye zomwe zapirira ndi zomwe zagonja zaonekera poyera.

Kwa amene simukuchidziwa, Cutty Sark ndi chombo cha matanga chomwe chinamangidwa mu 1869 ku Dumbarton, m'dziko la Scotland, kuti chizikatenga tiyi ku China. Pambuyo pake chinkanyamula ubweya wa nkhosa kuchokera ku Australia, ndipo lero chili pamtunda ku Greenwich, mumzinda wa London. Chili ndi milongoti itatu ndi zingwe zoti ukamaziyang'ana mutu umazungulira. Si chombo choyambira munthu wophunzira, koma mphatso sasankha.

Msana ndi nthiti za kachomboka n'za pulayiwudi yodulidwa ndi makina, ndipo pamenepa ndilibe dandaulo. Zinalowana bwinobwino, mpaka lero sizinapindike. Mapepala a mapulani nawonso ndi omveka, ngakhale mphemvu zinayamba kuwanyenya m'mbali mpaka ndinawasunga m'chigoba cha pulasitiki.

Vuto lili pa timatabwa tokutira nthitizo. N'topyapyala ngati chikhadabo, ndipo mwachionekere anatiumitsira dziko louma. Kutipinda sikuvuta: umativiika m'madzi otentha kwa kanthawi, n'kutikanikiza pang'onopang'ono pamimba pa ketulo yotentha mpaka titenge mpindo wa kumphuno kwa chombo, kenaka n'kutigwiritsa ndi mapini guluu akuuma. Chilimwe chonse zinali bwino. Mvula itakhazikika mu Januwale, timatabwato tinamwa chinyontho n'kufufuma, ndipo chakumbuyo, pafupi ndi chiwongolero, tina tinatukuka moti ukayendetsapo chala umamva mizere. Kunja ndinali nditapaka vanishi, koma chinyezi chinalowera m'kati, komwe bukhu la malangizo silinena n'komwe kuti upakeko kanthu. Amene mukuyamba kumene, pakani vanishi wosungunula m'kati monse musanatseke pamwamba. Pokonza ndinachotsa timatabwa totukukato n'kuikapo tizidutswa ta mbawa tomwe bambo wina wa ukalipentala ku Kamuzu Road anandichekera kuchokera pa zotsala za chitseko. Mbawa youma bwino siyenda wamba, ndipo ukaipala ndi sandipepa wosalala imatulutsa kufiira koti vanishi amangomalizitsa. Mlombwa ndinayesanso, koma mitsempha yake ndi yaikulu. Pa kanthu kakang'ono chonchi imaoneka yokalipa.

Guluu woyera wa matabwa wagwira ntchito yake, kungoti m'dzinja amachedwa kuuma ndipo pamafunika kuleza mtima usiku wonse. Supagulu ndi wachangu, koma kukakhala chinyontho amasiya kaufa koyera m'mbali mwa pomwe wadontha, ndipo pa thabwa lakuda kamaonekera patali. Ndimamusungira tizitsulo tokha.

Chomwe chinandidabwitsa kwambiri ndi ulusi wa zingwe. Wa m'bokosiwo ndi wa thonje. Ulusi wa thonje ukamwa chinyontho umafupika n'kukungika, kukauma umalekerera. Zingwe zomwe ndinakunga bwino mu Novembala zinafika pokoka nsonga ya mlongoti wakutsogolo mpaka inapendekeka pang'ono, ndipo mvula itadukiza kwa masiku angapo zina zinayamba kulendewera. Mankhwala ake ndinawapeza pagombe, kwa asodzi osoka maukonde. Ulusi wawo wa nayiloni, wopyapyala uja, susintha ndi nyengo ngati wa thonje. Umanyezimira mopitirira, inde, koma ukaudutsitsa kangapo pa phula la njuchi kunyezimirako kumazilala ndipo mfundo zake zimagwira. Mkulu wina amene anandigawira anandiyang'ana nthawi yaitali nditamuuza ntchito yake, kenaka anati, "Achimwene, ndiye chombo chosalowa m'madzicho mudzaphera chiyani?" Ndinalibe yankho, tinangoseka tonse.

Tizitsulo ta mkuwa, monga nangula, unyolo ndi timapepala tokutira kunsi kwa chombo, tada msanga. Ena zimenezi zingawakhumudwitse, ine ayi. Chombo chenichenicho chinakutidwa kunsi ndi chitsulo chosakaniza kopa ndi zinki pofuna kuteteza matabwa ku tizilombo ta m'nyanja, ndipo sindikhulupirira kuti chinkafika ku London chikung'anima. Adani enieni pa shelefu ndi fumbi ndi mavu, omwe anamanga kachisa kadothi pansi pa thanga limodzi. Bokosi la galasi si chokongoletsera chabe kuno, muliwerengere pamtengo kuyambira pachiyambi.

Kodi ndingauze munthu wa kunyanja kuno kuti aitanitse bokosi lotere? Kamodzi kokha, kuti aphunzire mmene nthiti zimakhalira pa msana ndi mmene thabwa limatsatira mpindo. Ukazidziwa zimenezo, ndalama yotumizira kunja ndi bwino kugulira macheka aang'ono, malezala ndi sandipepa, chifukwa matabwa abwino kuposa a m'bokosi akutayidwa m'mashedi a akalipentala.

Pano ndayamba Ilala, popanda bokosi lililonse, kungodalira zithunzi ndi zomwe maso anaona. Nayonso ndi ya ku Scotland: inapangidwa ndi kampani ya Yarrow pafupi ndi Glasgow mu 1949, inabwera m'zidutswa n'kudzalumikizidwa ku Monkey Bay, ndipo inayamba kuyenda panyanja yathu mu 1951. Kutalika kwake ndi mamita pafupifupi 52, ndiye pa muyeso wa 1:100, pomwe mita imodzi imakhala sentimita imodzi, ikutuluka masentimita 52, yokwana bwino pa kabati. Zingwe n'zochepa, ntchito yagona pa mazenera, zitsulo zotchinga m'mbali ndi timaboti tija amatsitsa pokatenga anthu pagombe ku Nkhotakota. Timabotito ndikusema ndi malaina, chifukwa ndi ofewa ndipo salimbana ndi mpeni.