Kuyeza malungo: TDR kapena maikulosikopu?

M'midzi ya ku Angónia ndi Tsangano ku Mozambique, mwana akatentha thupi, woyamba kumuyeza nthawi zambiri amakhala APE, wazaumoyo wa m'mudzi. Amamubaya chala, kudonthezera magazi pa kapulasitiki kotchedwa TDR, kuwonjezera timadontho ta mankhwala, ndipo pakatha mphindi 15 kapena 20 zotsatira zatuluka. Mizere iwiri ndiye kuti malungo alipo. Magetsi safunika, ndipo kachipangizoka kamayenda m'chikwama panjinga.

Vuto la TDR nali: sikaona tizilombo tenitenito. Kamangogwira puloteni ya HRP2 imene tizilombo ta malungo ta mtundu wa Plasmodium falciparum timatulutsa, ndipo puloteniyi imatsalira m'magazi kwa milungu ingapo munthu atachira. Choncho mwana amene wamaliza mankhwala a malungo a Coartem posachedwa, kenako n'kudwala chibayo, angaonetsebe mizere iwiri. Apa m'pamene ambiri amasokonezeka, n'kumati mankhwala sanagwire.

Maikulosikopu njochedwa. Wa mu labotale amapaka magazi pagalasi, kuumitsa, kuthira utoto wa Giemsa, kenako n'kuyang'ana mwachifatse. Komatu iye amaona tizilomboto ndi maso, amatiwerenga, amadziwanso mtundu wake. Kwa wodwala amene wagonekedwa m'chipatala, kuwerengako n'kumene kumasonyeza ngati tizilombo tikuchepa. Zofunika zake n'zambiri: magetsi, utoto wosawonongeka, ndi munthu wozolowera ntchitoyo, chifukwa diso lotopa limaphonya tizilombo tikakhala tochepa.

Kuyambira 2010, bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limalangiza kuti munthu ayezedwe kaye asanalandire mankhwala a malungo. Kumudzi, ine ndingasankhe TDR mosakayika. Koma thupi likapitiriza kutentha mankhwala atatha, ulendo wa ku labotale ya ku Ulongwe, likulu la Angónia, usazengerezedwe.