Opera: pa foni, ku kanema, kapena kuimirira m'holo?

Ambirife tinakulira m'kwaya za kutchalitchi, ndiye khutu losiyanitsa soprano ndi besi tili nalo kale. Chimene chimatibweza ku opera, masewero amene nkhani yake imaimbidwa m'malo molankhulidwa, ndi mtengo wa tikiti, komanso kamantha koti kumeneko n'kwa anthu a masuti. Ine kuno ku London ndayesa njira zitatu zosaboola thumba.

Yoyamba ndi OperaVision, ndipo ndi yaulere. Amayendetsa ndi a bungwe la Opera Europa mothandizidwa ndi European Union. Amaika masewero athunthu pa webusaiti yawo ndi pa YouTube, mawu omasulira m'Chingerezi akuyenda m'munsi. Sewero limakhalapo miyezi ingapo kenako amalichotsa, choncho mukalikonda musazengereze. Mwa njira zitatuzi, iyi yokha ndi imene mng'ono wanga ku Zomba amaifikira, ngakhale maola atatu a vidiyo amamwa bandulo ngati madzi. Vuto lina ndi kasipika ka foni: mawu a besi amatheratu, ndiye mahedifoni ndi ofunika. Komanso panyumba zosokoneza sizitha. Mtsikana wa m'sewero ali pafupi kufa, uku WhatsApp yalira, uku ndiwo zikupserera.

Ku kanema zinthu zimasintha. Kuyambira mu 2006, a Metropolitan Opera a ku New York amaulutsa ena mwa masewero awo a Loweruka masana kupita m'nyumba za kanema za m'mayiko ambiri, nthawi yomweyo imene akuchitika. Kuno amatipeza madzulo. Kamera imafika pafupi zedi, mpaka mumaona thukuta pachipumi ndi mtsempha wa pakhosi ukutukumuka. Pa nthawi yopuma amakulowetsani kuseri kwa siteji, kucheza ndi oimba akadali wefuwefu. Ngati cholinga chanu n'kumvetsa nkhani ya sewero, palibe njira yoposa iyi. Koma tikiti yake imaposa ya filimu wamba, ndipo kumene ndimapita ine mitu yambiri ndi ya imvi. Zimandidandaulitsa, chifukwa achinyamata akadadziwa akadadzaza mipando imeneyi.

Mtima wanga koma uli ku Proms. Zoimbaimba zimenezi zinayamba mu 1895, ndipo tsopano zambiri zimachitikira ku Royal Albert Hall kuno ku London kwa milungu pafupifupi 8, kuyambira July mpaka September. Matikiti oimirira amagulitsidwa tsiku lomwelo, ndipo mu 2024 anali mapaundi 8. Chodabwitsa n'chakuti malo oimirira a pansi ndi amene ali kutsogolo kwenikweni, pafupi ndi oimba kuposa mipando yambiri yodula. Palibe amene amayang'ana zovala zanu. Pambali panga panali mnyamata wa kabudula ndi agogo ena atatsamira chitsulo cha kutsogolo.

Ndinene zoona, Proms si opera yokhayokha. Zambiri ndi za okestra, gulu lalikulu la oimba ndi zida, ndipo opera ikabwera, kawirikawiri imakhala yopanda zokongoletsa zonse za pa siteji. Miyendo nayo imawawa. Koma kumeneko n'kumene ndinamva koyamba munthu mmodzi akuponya mawu ake pamwamba pa zeze ndi malipenga ambirimbiri popanda chimkuzamawu, mpaka kufika m'mwamba mwenimweni mwa holo. Atatsitsa mawu, anthu masauzande anangoti zii. Ndinamva tsitsi likuima ngati mmene zinkachitikira amayi a Mvano akayamba nyimbo pa maliro kumudzi. Zimenezi sipika ya ku kanema, ngakhale ikhale yamphamvu bwanji, siinandipatsepo.

Amene muli kumudzi kapena simunalawepo, yambani ndi OperaVision, musankhe sewero lalifupi. Amene muli ku Britain kuno, kanema musungire miyezi yozizira. July akakwana valani nsapato zofewa, mufike msanga kuti mupeze malo kutsogolo. Tsiku limene mwalephera kupita, BBC Radio 3 imaulutsa konsati iliyonse ya Proms.