MuseScore kapena LilyPond: polemba makodi a gitala a kwaya

Kwaya yathu kuno ku Ulongwe, m'boma la Angonia ku Mozambique, ili ndi anyamata awiri oimba gitala. Wina anaphunzira ku Dedza ndipo amadziwa C, F, G. Mnzake anaphunzira Chipwitikizi, kwa iye makodi omwewo ndi Dó, Fá, Sol. Pepala limodzi lothandiza onse awiri ndi lokhala ndi timabokosi tosonyeza poika zala pa nsambo. N'chifukwa chake ndinayesa mapulogalamu awiriwa, onse aulere.

MuseScore sivuta kuyamba. Mumadina noti, n'kusindikiza Ctrl+K, n'kulemba Am kapena G7, dzina la kodi laonekera pamwamba. Kabokosi ka zala mumakatenga pa palette (mndandanda wa zizindikiro) n'kukaika pa notiyo, kenako madontho mumawakonza ndi mausi. Mu Style mungasankhe Solfeggio kuti C aoneke ngati Do. Munthu amene sanagwirepo pulogalamu ya nyimbo akhoza kumaliza tsamba madzulo amodzi.

Vuto ndinaliona tsiku limene amayi a soprano anadandaula kuti nyimbo yakwera kwambiri. Ndinaitsitsa kuchoka mu G kupita mu F pa MuseScore 3 imene ili pa laputopu yanga. Mayina a makodi anasintha okha, koma timabokosi tinatsala momwemo. Pa pulakatisi mmodzi wa anyamata aja anatsata kabokosi, n'kukhwatcha G pamene kwaya ili mu F. Zinandipweteka, chifukwa iye sanalakwe.

LilyPond ndi ina. Simudina manoti, mumalemba mawu ngati kalata, ndipo sabata yoyamba mutu umawawa. Frescobaldi, pulogalamu yolemberamo mafayilo a LilyPond, imachepetsako ululuwo. Koma makodi mumawalemba kamodzi mu \chordmode, n'kuwapereka ku ChordNames (mzere wa mayina a makodi) ndi ku FretBoards (mzere wa timabokosi). Mukawonjezera fayilo ya predefined-guitar-fretboards.ly, timabokosi timajambulika tokha. Mukasintha kiyi ndi \transpose, dzina ndi kabokosi zimasamukira limodzi. Ndipo \italianChords imatulutsa Do, Re, Mi, kotero fayilo imodzi imandipatsa mapepala awiri, lina la C, F, G ndi lina la Do, Fa, Sol.

Pulogalamu ina, Guitar Pro, ndi yabwino kwa woimba gitala yekha, koma ndi yogula, ndipo ife ntchito yathu ndi mawu anayi a kwaya.

Wa nyimbo imodzi yapaukwati atenge MuseScore. Ine ndili ndi buku lonse la nyimbo zimene kiyi yake imasintha malinga ndi amene wabwera Lamlungu, ndiye ndakhazikika pa LilyPond.