St Helens kapena London, rugby league ikukoma kuti?

Amene muli ku UK ndipo mukufuna kukaonera masewera a mayiko, World Cup ya rugby league (mtundu wa rugby wa osewera 13 mbali iliyonse) yomwe inachitikira ku England mu 2022 inatiphunzitsa zambiri.

London, pa Emirates Stadium ya Arsenal, pamalowa anthu pafupifupi 60,000 ndipo semi final yomwe Samoa inagwetsa England 27-26 inali pompaja.
St Helens ndi katauni pakati pa Liverpool ndi Manchester, bwalo lake ndi la anthu 18,000 basi, koma Tonga inapambana Papua New Guinea 24-18 anthu akuonera pafupi zedi.

Ndalama: ku London hotelo ndi chakudya zimadula heve, ku St Helens mutha kugona ku Liverpool n'kukwera sitima.
Mayendedwe: apa London yawina, sitima yapansi panthaka ya Underground imakutulani pafupi ndi geti.
Chisangalalo: ine ndiima ndi St Helens, kumeneko rugby league ndi moyo wawo, timu yawo inalipo pomwe masewerawa ankayamba mu 1895 ndipo agogo okhala pambali panu amakufotokozerani malamulo osawafunsa n'komwe.

Ofuna gemu yaikulu ndi kuzungulira tauni pitani ku London. Amene thumba ndi lopepuka, kapena mukufuna kuwamvetsa masewerawa, St Helens.